Kulumikiza pulogalamu ndi chipangizo: mamangidwe oti chingwe chikazuka zinthu zisasokonekere

Tsiku loyamba zimakoma. Mwalumikiza sikelo ku kompyuta, mwalemba mizere khumi ya Python, mwaika katundu pamwamba, nambala yatulukira pa sikirini. Mumaona ngati ntchito yatha. Pakapita masabata atatu wina wakola chingwe ndi phazi, USB yazuka kwa kamphindi n'kubwezeredwa, ndipo pulogalamu yonse yangoti zii, batani lililonse osayankha. Kapena choopsa kwambiri: sinaime, ikusonyezabe 12.40 yomwe inawerenga ola lapita, anthu n'kumakopera nambala imeneyo m'mabuku.

Cholakwika sichikhala m'mizere khumi ija. Chimakhala m'maganizo akuti chipangizo chili ngati function, ukaiitana imayankha. Chipangizo chimachedwa, chimayankha theka, chimasowa, chimadzuka chitaiwala zonse zomwe munachiuza. Malangizo ali m'munsimu ndi a mmene mungamangire pulogalamu yomwe ikuyembekezera khalidwe limeneli kuyambira pa maziko. Zitsanzo zanga zikhala sikelo ya pa serial (chingwe chotumiza ma bit motsatizana, imodziimodzi) ndi mita ya magetsi yolankhula Modbus (chilankhulo chofala cha zipangizo za m'mafakitale), koma mamangidwe ake ndi omwewo pa printer ya malisiti, sensa ya Bluetooth kapena bolodi ya Arduino.

Poyamba: chimvetsereni chikulankhula, musanalembe code

Lumikizani chipangizocho muone mmene kompyuta yachilandirira. Pa Linux lembani `lsusb` kenako `dmesg`. Pa Windows tsegulani Device Manager. Chipangizo chilichonse cha USB chimadzitchula ndi manambala awiri, VID ya kampani ndi PID ya mtundu wa chinthucho. Mukaona 0403:6001 ndiye kuti m'katimo muli chip ya FTDI. 10c4:ea60 ndi CP210x ya Silicon Labs. 1a86:7523 ndi CH340. Zonsezi zimasandutsa USB kukhala serial, ndipo pa Linux zimaoneka ngati /dev/ttyUSB0. Zipangizo za gulu la CDC ACM, mtundu wina wa serial ya pa USB, zimaoneka ngati /dev/ttyACM0. Scanner ya barcode nthawi zambiri imadzionetsa ngati kiyibodi, gulu la HID, kotero imalemba pamalo paliponse pomwe pali cursor. Zimenezi ndi bwino kuzidziwa lero, osati tsiku lomwe barcode yalowa m'bokosi la password.

Kenako tsegulani port ndi terminal wamba, monga minicom kapena PuTTY, muike baud (liwiro la ma bit pa chingwe) ndi zina monga buku la chipangizo likunenera. 9600 ndi 115200 ndi ma baud ofala, ndipo 8N1 (ma bit 8 a data, popanda parity, ndi bit imodzi yomalizira) ndiye kakonzedwe komwe mudzakumane nako kwambiri. Mukangoona zilembo zosamveka, kayikirani baud musanakayikire china chilichonse. Linux ikakana kutsegula port, pa Debian ndi Ubuntu dzina lanu liyenera kukhala m'gulu la dialout.

Pali mafunso atatu oti muwayankhe pa pepala. Amayamba kulankhula ndani, chipangizo kapena kompyuta? Uthenga umayambira pati ndipo umathera pati? Chipangizo chikalephera chimanena chiyani, kapena chimangokhala chete? Buku likanena zina, chingwe n'kusonyeza zina, khulupirirani chingwe. Ndipo sungani ma byte omwe mukuwaona, mu hex (manambala a base 16), m'fayilo. Muwafuna kutsogoloku.

Werengeraninso liwiro. Pa 8N1 byte imodzi imatenga ma bit 10 mukawerengera bit yoyambira ndi yomalizira, choncho 9600 baud ndi ma byte 960 pa sekondi. Yankho la ma byte 200 limafuna nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi pa chingwe pokha. Amene akufuna kuwerenga zipangizo 20 kakhumi pa sekondi pa chingwe chimodzi chotere akupempha zomwe code iliyonse singapereke.

Chachiwiri: gawani ntchito m'magawo anayi

Gawo la pansi ndi njira: kutsegula, kutseka, kutumiza ma byte, kulandira ma byte. Silidziwa kuti ma byte akutanthauza chiyani. Lero ndi serial, mawa ikhoza kukhala TCP kapena Bluetooth.

Pamwamba pake pali protocol, yomwe imatenga ma byte n'kuwaumba kukhala mauthenga athunthu, n'kuona ngati sanaonongeke m'njira. Gawoli lisatsegule port lokha. Lizipatsidwa ma byte, libweze mauthenga, basi.

Lachitatu ndi driver wa chipangizo chenichenicho, amene amadziwa kuti pa mita iyi voltage ili mu register (kabokosi kosungira nambala m'chipangizomo) yakuti ndipo iyenera kugawidwa ndi 10, kapena kuti sikelo iyi ikatumiza "US" ndiye kuti katundu akugwederabe.

Lachinayi ndi pulogalamu yanu, ya malisiti, malipoti ndi mabatani.

Lamulo ndi limodzi: gawo lililonse lilankhule ndi loyandikana nalo lokha. Mukapeza mawu akuti COM3 (dzina la port pa Windows) kapena CRC (nambala yotsimikizira kuti uthenga sunaonongeke) m'code ya sikirini, mpanda wathyoka penapake. Alistair Cockburn analemba za ganizo lofanana ndi ili mu 2005 pansi pa dzina lakuti ports and adapters: pulogalamu imanena zomwe ikufuna, ndipo za kunja zimabwera kudzalumikizidwa m'mphepete. Phindu lake mumaliona tsiku lomwe mita ya Modbus RTU (ya pa serial) yasinthidwa ndi ya Modbus TCP (ya pa netiweki) pa port 502. Mumasintha njira ndi kakulungidwe ka uthenga, mapu a ma register angakhale omwewo, ndipo pulogalamu siidziwa n'komwe kuti pasintha kanthu.

Chachitatu: lembani interface m'chilankhulo cha ntchito

Yambirani pamwamba, osati pansi. Dzifunseni kuti pulogalamu ikufuna chiyani kwa sikelo. Ikufuna kulemera, kubwezera pa ziro, ndi kudziwa ngati sikelo ilipo. Ndiye interface ikhale ndi zitatu zimenezo: `werengaKulemera()`, `bwezaPaZiro()`, `mkhalidwe()`. Isakhale ndi `tumizaByte()`.

Chomwe ambiri amaphonya ndi chomwe `werengaKulemera()` imabweza. Isabweze nambala yokhayokha. Ibweze nambala, muyeso wake, kaya makilogalamu kapena magalamu, nthawi yomwe inawerengedwa, ndi chizindikiro chonena ngati yakhazikika. Nambala yopanda nthawi ndi yomwe imabala vuto la 12.40 lija. Ndipo sikelo ikalephera, musabweze 0 kapena -1. Ziro ndi kulemera kwenikweni kwa sikelo yopanda katundu, ndipo -1 ndi kutentha kwenikweni kwa m'firiji. Kulephera kukhale ndi mtundu wakewake woti wolemba code sangausokoneze ndi muyeso.

Chachinayi: kudula mauthenga

Apa ndi pomwe ndikhalitse, chifukwa ndi pomwe pamagwa anthu odziwa ntchito.

Serial ndi TCP sizidziwa za uthenga. Zimangodziwa mtsinje wa ma byte. Sikelo ikatumiza `ST,GS,+0012.40kg` ndi CR LF (zilembo ziwiri zotsekera mzere) kumapeto, `read()` yanu ikhoza kulandira `ST,GS,+00` koyamba, `12.40kg` ndi CR kachiwiri, ndipo LF n'kubwera limodzi ndi chiyambi cha uthenga wotsatira. Pa desiki yanu izi sizichitika kawirikawiri, n'chifukwa chake code yolakwika imapambana mayeso onse. Imadzaonekera pa kompyuta yotanganidwa, kapena pa adapter ina yosandutsa USB kukhala serial. Ma chip a FTDI, mwachitsanzo, ali ndi latency timer ya 16 ms mwachizolowezi: amasunga ma byte kwa kanthawi asanawapereke, ndiye malire a zomwe mwalandira sagwirizana ndi malire a zomwe zinatumizidwa.

Mankhwala ake ndi buffer, malo osungira ma byte mongoyembekezera. Chilichonse chomwe chafika chiwonjezereni ku buffer. Kenako funsani: kodi muli uthenga wathunthu? Ngati ulimo, uchotseni, uperekeni pamwamba, mufunsenso, chifukwa mungakhale awiri. Ngati mulibe, dikirani. Buffer ikhale ndi malire, kuti chipangizo chikayamba kubwebweta popanda CR LF memory isadzaze.

Ma protocol amaika malire m'njira zosiyana. Ena ali ndi chizindikiro cha kumapeto ngati sikelo ija. Ena amanena kutalika kwa uthenga koyambirira. Modbus RTU, ya m'banja la Modbus lomwe Modicon inatulutsa mu 1979, imagwiritsa ntchito kukhala chete: pakadutsa nthawi yokwana zilembo 3.5 popanda byte, uthenga watha. Pa 9600 baud imeneyi ndi pafupifupi 4 ms. Yerekezani ndi 16 ms ya adapter ija, muona kuti kudalira kukhala cheteko pa kompyuta wamba n'kudzinamiza. Chanzeru n'kuwerengera kutalika kwa yankho kuchokera pa function code (nambala ya mtundu wa lamulo) ndi byte yonena kuchuluka, kenako kutsimikiza ndi CRC-16 ya kumapeto. Kunena zoona, pa Modbus musalembe zanu. Libmodbus ndi pymodbus zilipo. Zodzilembera n'za ma protocol omwe alibe library.

Uthenga wolephera CRC utayeni, muuwerenge pa chiwerengero cha zolakwika, ndipo musayese kuukonza. Chiwerengerocho chikamakwera, vuto lili pa chingwe: pa RS-485 (mtundu wa chingwe cha serial chofika patali) onani ngati pali resistor ya 120 ohm kumapeto konse kuwiri, ndiponso ngati chingwe sichikudutsa pafupi ndi mota. RS-232, mtundu wina wa serial, imafika pafupifupi mamita 15, pomwe RS-485 imafika mamita 1200 pa liwiro lotsika.

Msampha wina ndi dongosolo la ma byte. Register ya Modbus ndi ma bit 16, byte yaikulu patsogolo. Koma nambala ya ma bit 32 imatenga ma register awiri, ndipo opanga zipangizo sagwirizana kuti yoyamba ndi iti. Mukawerenga voltage n'kupeza nambala yopenga, tembenuzani ma register awiriwo musanaimbe mlandu mita. Chimodzimodzi ma adiresi: buku likati 40001, pa chingwe pamapita 0. Kuphonya ndi imodzi kumeneku kwadya masana a anthu ambiri.

Mukamadzipangira protocol nokha, pa bolodi yanu, ikani zinthu zinayi: chiyambi chodziwika, kutalika, nambala ya uthenga, ndi CRC. Onjezaninso lamulo lofunsa version ya firmware, pulogalamu ya m'kati mwa chipangizocho. Lero lioneka lopanda ntchito, koma zipangizo zikafika 50 kumunda, zina zakale zina zatsopano, mudzalithokoza.

Chachisanu: port ikhale ndi mwini mmodzi

Ma thread awiri (mbali za pulogalamu zoyenda nthawi imodzi) akalemba pa port imodzi, mayankho amasokonekera: funso la voltage limalandira yankho la current, CRC n'kukhala yolondola, ndipo palibe chomwe chikuchenjezeni. Choncho pangani thread imodzi, kapena task imodzi ya async, yokhala mwini wa port. Ena onse aike zopempha zawo pa mzere, mwiniyo azitenga chimodzichimodzi, atumize, adikire yankho kapena nthawi ithe, kenako atenge china. Pa RS-485 ya mawaya awiri simungachitirenso mwina, chifukwa amalankhula mmodzi pa nthawi.

Thread ya sikirini isadikire chipangizo ngakhale kamodzi. Izingolandira nkhani.

Mwiniyo akhale ndi mikhalidwe yolembedwa poyera: chazuka, tikulumikiza, tikuchikonza, chakonzeka, chalakwika. Pa mkhalidwe uliwonse lembani zomwe zikuloledwa ndi chomwe chimausintha. Mkhalidwe wa "tikuchikonza" ndi womwe umaiwalika. Arduino Uno imadziyambitsanso port ikatsegulidwa, chifukwa cha chizindikiro cha pa serial chotchedwa DTR, ndipo zomwe mutumize m'masekondi awiri oyamba zimagwera m'madzi. M'malo moika `sleep()` yongoyerekeza, funsani chipangizo dzina lake mobwerezabwereza mpaka chiyankhe, ndiye muchitche chokonzeka.

Chachisanu ndi chimodzi: kusowa kwa chipangizo ndi khalidwe la tsiku ndi tsiku

Kuwerenga kulikonse kukhale ndi malire a nthawi. Mu pyserial, mukasiya `timeout=None`, `read()` idzadikira mpaka kalekale. Nthawiyo iwerengereni kuchokera pa kutalika kwa uthenga ndi kachedwedwe ka chipangizo, ndipo muiyeze ndi wotchi ya monotonic, yomwe imangopita patsogolo, osati wotchi wamba yomwe NTP (njira yokonzera nthawi kudzera pa netiweki) ingaibweze m'mbuyo.

Nthawi ikatha, tsukani buffer musanafunse funso lina. Yankho lochedwa la funso loyamba limafikabe, n'kukhala ngati la funso lachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo mayankho onse atsalira ndi limodzi. Modbus TCP ili ndi transaction ID yothana ndi zimenezi. Modbus RTU ilibe.

Chingwe chikazuka, tsekani port yakale kotheratu. Pa Linux mukaigwiritsitsa, chipangizo chikabwerera chimapatsidwa dzina lina, /dev/ttyUSB1, inu mukudikira pa ttyUSB0. Ndipo mayina amenewa samakhulupirika n'kale: ma adapter awiri akhoza kusinthana mayina kompyuta ikayatsidwanso. Gwiritsani ntchito za mu /dev/serial/by-id, kapena lembani lamulo la udev (gawo la Linux loyang'anira zipangizo) lopereka dzina lokhazikika potengera VID, PID ndi serial number. Ma adapter ambiri a CH340 alibe serial number, ndiye pamenepo /dev/serial/by-path, yotengera bowo lomwe chalowetsedwa, ndiyo imathandiza.

Kuyesanso kulumikiza kukhale kotalikitsa nthawi: sekondi 1, kenako 2, 4, 8, mpaka malire ngati 30. Chikabwerera musadumphire ku "chakonzeka". Dutsaninso pa "tikuchikonza", chifukwa mwina chinazimanso magetsi ndipo ziro ya sikelo kapena makonzedwe ena abwerera a fakitale.

Tsopano nkhani yofuna kuiganizira modekha: kubwereza lamulo. Kuwerenga mungabwereze kangati konse. Koma mwatumiza lamulo loti printer isindikize lisiti, kapena pampu ithire malita 5, ndipo yankho silinabwere. Kodi lamulo linafika? Simungadziwe. Mwina linatayika popita, mwina linagwira ntchito ndipo yankho ndi lomwe linatayika pobwera. Mukabwereza mwakhungu, malita akhala 10. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, pangani malamulo oti kubwereza sikusintha kanthu: "valavu ikhale yotseguka" m'malo mwa "sintha valavu", "fika pa 500" m'malo mwa "onjezera 5". Yachiwiri, lamulo lililonse likhale ndi nambala yake, chipangizo chizikumbukira yomaliza, ikabweranso chiyankhe popanda kugwiranso ntchito. Ngati chipangizo n'cha eni ake ndipo sichilola zonsezi, funsani mkhalidwe wake musanabwereze, ndipo zikakanika onetsani munthu kuti asankhe. Driver asadzipangire chisankho chimenechi mobisa.

Pa sikirini, muyeso wokalamba uoneke kuti wakalamba. Pakadutsa masekondi angapo popanda watsopano, nambala ichoke, pabwere mawu akuti sikelo sikuyankha.

Chachisanu ndi chiwiri: pangani chipangizo chabodza

Popeza pulogalamu imangodziwa interface, mukhoza kuipatsa sikelo yabodza yolembedwa mu code. Yabodzayo isakhale yaulemu. Iphunzitseni kuchedwa, kuyankha theka, kutumiza zinyalala, kusowa pakati pa lamulo. Ma byte munasunga pa sitepe yoyamba aja apatseni gawo la protocol, koyamba onse pamodzi, kenako byte imodziimodzi, kenako odulidwa pamalo achisawawa. Zotsatira ziyenera kufanana katatu konse. Poyesa njira ya serial popanda chipangizo, socat pa Linux kapena com0com pa Windows imapanga ma port awiri olumikizana.

Pa log, lembani ma byte onse otuluka ndi olowa, mu hex, ndi nthawi yake mpaka ma millisecond, ndipo izi zizitheka kuyatsa popanda kumanganso pulogalamu. Vuto likachitika kutali, log imeneyi ndiyo mboni yanu yokha, ndipo mukhoza kuiseweranso pa desiki yanu.

Mapulogalamu ofuna chipangizo akachuluka

Ngati ndi pulogalamu imodzi, magawo anayi aja akhale mu process imodzi, musavutike. Koma tsamba la pa browser, pulogalamu ya malipoti ndi foni zikafuna mita yomweyo, chotsani magawo atatu a pansi muwapange service yapayokha, yoyendetsedwa ndi systemd kapena ngati Windows service. Iyo ikhale mwini wa port, ena azilankhula nayo pa HTTP, WebSocket kapena MQTT. Chrome ili ndi Web Serial kuyambira pa version 89, koma si browser iliyonse yomwe ili nayo, ndipo tsamba likatsekedwa kulumikizana kumathera pomwepo.

MQTT, njira yotumizirana mauthenga kudzera pa seva yapakati yotchedwa broker, yomwe Andy Stanford-Clark ndi Arlen Nipper anaipanga mu 1999 poyang'anira mapaipi a mafuta kudzera pa satellite, ili ndi chinthu chokomera ntchito imeneyi: Last Will. Service ikamalumikiza imasiya uthenga kwa broker woti ikadzasowa mosatsanzika, broker auze onse kuti yafa. Samalani ndi QoS 1, yomwe imalonjeza kufikitsa uthenga kamodzi kapena kuposa, ndiye nkhani ya malita 10 ija yabweranso. Samalaninso ndi uthenga wa retained pa malamulo: umakhalabe pa broker, chipangizo chikadzuka mawa n'kuumvera. Gwiritsani ntchito port 8883 yokhala ndi TLS (yobisa mauthenga m'njira) m'malo mwa 1883. Modbus TCP wamba ilibe password iliyonse, choncho port 502 isaonekere pa intaneti.

Choopsa chisadalire pulogalamu ya pa kompyuta

Ngati chipangizo chimatenthetsa, chimazungulira, chimadula kapena chimathira, dzifunseni: kompyuta ikazima pompano, chichita chiyani? Yankho likhale m'chipangizomo. Kompyuta izitumiza kauthenga kakuti ndilipo sekondi iliyonse, ndipo firmware ikakasowa kangapo izizimitsa heater yokha. Firmware nayo ikhale ndi watchdog, kawotchi koyambitsanso chipangizo firmware ikaima. Batani loimitsira mwadzidzidzi lidule magetsi ndi waya weniweni, osadutsa pa code. Makina ochizira khansa a Therac-25 anachotsa zotetezera za hardware zomwe zinali pa mitundu yake yakale n'kudalira software, ndipo pakati pa 1985 ndi 1987 panachitika ngozi 6 zodziwika za radiation yopitirira muyeso, odwala ena n'kumwalira. Chimodzi mwa zolakwika za software yake chinkaonekera pokhapokha woyendetsa makina akasintha zolemba zake mofulumira kwambiri.

Musanapereke ntchito, chitani mayeso a manja. Yatsani pulogalamu chipangizo chisanalumikizidwe, ndiye muchilumikize. Zulani USB pakati pa kuwerenga, muibwezere m'bowo lina. Zimitsani chipangizo chokha, chingwe chili chilumikizire. Goneketsani laputopu, muidzutse. Lumikizani ma adapter awiri mosinthanitsa, muyatsenso kompyuta. Pomaliza isiyeni ikuyenda usiku wonse, m'mawa muone chiwerengero cha CRC zolephera, kuchuluka kwa maulendo omwe yalumikizanso, ndi memory yomwe process ikudya poyerekeza ndi dzulo madzulo.